Kusankhira mwana sukulu yapulaiveti nthawi yolembetsa itadutsa kale

Makolo ambiri amene amafunafuna malo pa sukulu yapulaiveti nthawi yolembetsa itatha sachita zimenezi chifukwa cha mphwayi. Ena ntchito yawasamutsa mwadzidzidzi, ena mwana wawo sanatengedwe kumene ankayembekezera, ndipo ena azindikira chaka chili mkati kuti sukulu imene mwana akuphunzira ikumupweteka, kaya chifukwa cha anzake omuzunza, kaya chifukwa chakuti maphunziro ake alowa pansi popanda womulabadira. Chifukwa chingakhale chotani, kholo lochedwa limalowa mu ofesi ya sukulu mtima uli m'mwamba, likudziona ngati wopemphetsa, ndipo limavomera msanga malo oyamba amene lapatsidwa. Malangizowa ndawalemba kuti zimenezi zisakuchitikireni. Kuchedwa kumachepetsa sukulu zimene mungasankhepo, zimenezo n'zoona, koma ndalama zimene mudzalipire n'zofanana ndi za amene analembetsa miyezi yapitayo, choncho ufulu wanu wofunsa mafunso ndi wofanananso ndi wawo.

Ana amene ndikunena pano ndi a zaka zapakati pa 11 ndi 14 kapena 15, amene atuluka m'makalasi a ana aang'ono koma sanafike m'makalasi omaliza a sekondale. Mayiko amaugawa mosiyanasiyana msinkhu umenewu. Ku United States sukulu zotere zimatchedwa middle school ndipo kawirikawiri zimatenga giredi 6 mpaka 8, ku France ndi collège ya zaka zinayi, pamene ku Japan ndi zaka zitatu. Dzina lisakusokonezeni, popeza mwanayo ndi mmodzimodzi kulikonse: thupi lake likusintha, akuchoka m'manja mwa mphunzitsi mmodzi amene ankamudziwa bwino n'kupita kwa aphunzitsi ambiri amene aliyense amamuona kwa kanthawi kochepa pa tsiku, masamu ake akulowa mu aljebra, ndipo maganizo a anzake ayamba kumulemera kuposa a makolo ake. Mwana wotere akalowa mochedwa pa sukulu yosamuyenera, zotsatira zake zimamutsata mpaka ku mayeso akuluakulu a kutsogolo.

Choyamba, dziwani kuti mwachedwa motani

Kuchedwa kuli mitundu itatu, ndipo uliwonse umafuna kachitidwe kake. Pali kuchedwa kwakuti tsiku lomaliza lolandira mafomu ladutsa koma sukulu sinatulutse mayina a amene yawatenga. Pali kwakuti mayina atuluka koma chaka cha maphunziro sichinayambe. Ndiye pali kwakuti makalasi ayamba kale ndipo mwana wanu adzalowa anzake atapita patali.

Kuti mudziwe pamene muli, yang'anani kalendala ya dziko limene sukuluyo ili. Ku Ulaya ndi ku North America chaka chimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, ku South Africa ndi ku Australia chimayamba kumayambiriro kwa chaka, pamene ku Japan chimayamba mu Epulo. Sukulu zambiri zapulaiveti za ku United States zimatseka kulandira mafomu cha mu Januware, n'kutulutsa mayankho cha mu Malichi, kenako n'kupatsa makolo milungu ingapo yoti avomere kapena akane malo. Dongosolo lofanana ndi limeneli lilipo m'mayiko ambiri ngakhale miyezi ikusiyana, ndipo likusonyeza chinthu chimodzi chothandiza kwa munthu wochedwa: malo amatseguka pa nthawi zodziwika. Amatseguka makolo ena akakana malo amene anapatsidwa, amatsegukanso tsiku lolipira ndalama yoyamba likadutsa ena osalipira, komanso m'milungu yomaliza ya tchuthi pamene mabanja ena asamuka. Palinso sukulu zimene zilibe tsiku lotsekera, zimene zimalandira ana chaka chonse malinga ngati malo alipo. Mukadziwa masiku amenewa pa sukulu iliyonse imene mukuifuna, mudzadziwanso nthawi yoyenera kuimbanso foni.

Chachiwiri, lembani zinthu zimene simungagonjerepo

Chitani zimenezi musanaimbire sukulu iliyonse, chifukwa mukangomva mawu akuti malo alipo, mtima udzayamba kukunyengererani kuti zina zonse n'zazing'ono. Khalani pansi ndi amene mukulera naye mwanayo, mulembe zinthu zitatu kapena zinayi zokha. Zikachuluka kuposa pamenepo ndiye kuti mwaphatikizamo zokhumba chabe, ndipo munthu wochedwa sangakwanitse zokhumba zake zonse.

Kwa ine, mtunda uyenera kukhala pa mndandanda umenewu ngati sukuluyo ndi yoyendera. Bungwe la American Academy of Sleep Medicine limalangiza kuti ana a zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12 pa tsiku, ndipo a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Werengerani nthawi imene mwana azidzuka, nthawi imene azifika pakhomo, nthawi yolemba ntchito ya kusukulu, muone ngati maola amenewa akukwana. Ulendo umene ukuoneka waufupi mukamapita kukaona sukulu masana ukhoza kuwirikiza m'mawa, choncho uyeseni pa nthawi imene mwana aziyendadi. Chinthu china ndi ndalama za zaka zonse zimene mwanayo adzakhale pa sukulupo, zomwe ndizikamba kutsogoloku. Ngati mwana ali ndi vuto lodziwika, monga kuvutika kuwerenga, kusamva bwino, matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku kapena kulephera kukhazikika m'kalasi, thandizo la vuto limenelo likhale pamwamba pa zonse. Mabanja ena adzaikaponso nkhani ya chipembedzo, kapena yakuti sukulu ikhale ya anyamata okha, atsikana okha kapena yosakaniza.

Chachitatu, fananizani silabasi

Pamenepa m'pamene makolo ochedwa amapunthwa kwambiri, chifukwa kusiyana kwa masilabasi sikuoneka ndi maso tsiku lokaona sukulu. Sukulu zapulaiveti sizitsatira njira imodzi. Zina zimaphunzitsa silabasi ya boma la dzikolo, zina zimatsatira Cambridge Lower Secondary, imene ndi ya ana a zaka 11 mpaka 14 ndipo imawakonzekeretsa maphunziro a IGCSE (mayeso a sekondale amene amalembedwa m'mayiko ambiri), pamene zina zimatsatira Middle Years Programme ya bungwe la International Baccalaureate, imene inayamba mu 1994, ndi ya ana a zaka 11 mpaka 16, ndipo imagawa maphunziro m'magulu asanu ndi atatu. Njira zonsezi n'zabwino zikakhala m'manja mwa aphunzitsi odziwa ntchito, koma sizifika pa mutu umodzi nthawi imodzi. Mwana amene wachokera ku silabasi ina akhoza kupeza kuti anzake anamaliza kale mutu wa masamu umene iye sanauonepo, pamene m'phunziro lina akubwereza zimene anachita chaka chatha.

Masamu ndi zilankhulo ndiwo maphunziro ofunika kuwasamala kwambiri, popeza mutu uliwonse umamangidwa pamwamba pa unzake. Mwana akhoza kuphonya teremu yonse ya mbiri yakale n'kudzagwirizana ndi anzake pa mutu wotsatira, koma amene waphonya maziko a aljebra, kapena amene walowa m'kalasi imene yakhala ikuphunzira chilankhulo chachilendo kwa chaka chathunthu, adzavutika tsiku lililonse mpaka wina atamuthandiza padera. Pemphani sukulu ikupatseni ndondomeko ya mitu ya teremu imene mwana alowe ndi ya teremu yapitayo, muifananize ndi makope a mwana wanu. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo amodzi, koma imakuuzani zambiri kuposa kabuku kalikonse kotsatsa sukulu.

Funsaninso za kumene njira imeneyi ikupita. Kodi sukuluyo ili ndi makalasi apamwamba, kapena mwana adzafunikanso kufuna malo kwina akadzafika zaka 14? Ngati zinthu zitasintha n'kufuna kumubwezera ku sukulu ya boma, kodi adzalandiridwa m'kalasi yoyenera msinkhu wake? Funso limeneli si lopanda pake. Ku France, mwachitsanzo, sukulu zapulaiveti zimene zili pa mgwirizano ndi boma motsatira lamulo la mu 1959 zimaphunzitsa silabasi ya boma ndipo aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma, koma mwana wochokera ku sukulu yopanda mgwirizano wotere amayenera kulemba mayeso kuti alowe m'sukulu ya boma. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa nkhani imeneyi, ndipo ofesi ya zamaphunziro ya boma ndi imene ingakuyankheni mosakondera.

Chachinayi, sonkhanitsani mapepala tsiku limodzi

Sukulu imene ili ndi malo amodzi ndi mabanja atatu owafuna imapereka malowo kwa amene mapepala ake ndi okwanira. Konzani malipoti a zaka ziwiri zapitazi, chikalata chosonyeza tsiku lobadwa, khadi la katemera ndi zina za umoyo, zithunzi zazing'ono za mwana, ndi lipoti la katswiri ngati mwanayo anayezedwapo za vuto la kaphunziridwe. Zijambuleni zonse n'kuzisunga mu kompyuta kapena mu foni kuti muzitha kuzitumiza pa imelo nthawi yomweyo. Chimene chimachedwetsa kwambiri ndi kalata yochokera ku sukulu yakale, makamaka nthawi ya tchuthi pamene aphunzitsi palibe, choncho ipempheni lero lomwe, ndipo ngati muli ndi ngongole ya fizi kumeneko kambiranani nawo msanga, chifukwa sukulu zambiri zimafunsana za zimenezi.

Chachisanu, imbani foni

Webusaiti ya sukulu ikalemba kuti kulembetsa kwatsekedwa, musatembenukire pomwepo. Mawu amenewo analembedwa tsiku lotsekera ndipo nthawi zambiri palibe amene amawasintha malo akatseguka. Imbirani ofesi yolembetsa ana, ndipo ngati sukuluyo ndi yaing'ono pemphani kulankhula ndi mphunzitsi wamkulu kapena womutsatira. Imbirani sukulu zisanu kapena kuposerapo pa tsiku limodzi, chifukwa kudikira yankho la imodzi musanayese ina n'kuwonjezera kuchedwa pamwamba pa kuchedwa.

Lankhulani mwachidule ndiponso mosabisa. Munganene kuti: "Mayi, ndili ndi mwana wa zaka 12 amene akufuna malo m'kalasi yakutiyakuti. Ndikudziwa kuti nthawi yolembetsa inadutsa. Tasamuka mwezi uno chifukwa cha ntchito. Mapepala ake onse ndili nawo. Kodi muli ndi malo m'kalasi imeneyi, ndipo ngati mulibe, kodi mumalemba mayina a odikira?" Musapepese kambirimbiri ndiponso musanyoze sukulu yakale, ngakhale itakhala kuti inakulakwirani, popeza womvayo amayamba kuganiza za mmene mudzanenere sukulu yake. Lembani dzina la amene mwalankhula naye ndi tsiku, kenako tumizani imelo yaifupi yobwereza zimene mwagwirizana.

Chachisanu ndi chimodzi, funsani chifukwa chake malowo alipo

Ili ndilo funso limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse, ndipo ndi limene makolo ochedwa amachita nalo manyazi. Malo opezeka mochedwa ali ndi chifukwa chake nthawi zonse. Chikhoza kukhala chabwinobwino: banja lina lasamuka, sukulu yatsegula kalasi ina, kapena ndi yatsopano ndipo sinadziwike. Chikhozanso kukhala chodetsa nkhawa: makolo akuchotsa ana awo, aphunzitsi abwino achoka, kapena sukuluyo ili pa mavuto a ndalama ndipo ikulandira aliyense wobwera ndi fizi m'manja. Malo amodzi kapena awiri m'kalasi yodzaza sadetsa nkhawa. Malo ambirimbiri m'makalasi onse pa nthawi imene sukulu zina zoyandikana nazo zadzaza amafuna kufotokozedwa, ndipo akale anati safunsa anadya phula.

Funsani mwaulemu koma mosapita m'mbali. Ndi ana angati amene anachoka m'kalasi imeneyi chaka chatha? Mphunzitsi wamkulu wakhalapo zaka zingati? Mwa aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndi angati amene analipo zaka ziwiri zapitazo? M'kalasi imene mwana wanga alowe muli ana angati lero, ndipo malire ake ndi angati? Samalani ndi yankho la avereji ya sukulu yonse, chifukwa avereji imabisa kalasi yothithikana kumbuyo kwa makalasi aang'ono. Sukulu imene ikuyenda bwino imayankha mafunso amenewa mosavuta, mwinanso monyadira. Woyankha akayamba kuzemba, kapena akakuuzani kuti malowo atengedwa ndi wina mukapanda kulipira lero lomwe, dziwani kuti akugwiritsa ntchito mantha anu.

Pambuyo pake tsimikizani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka. M'mayiko ambiri sukulu yapulaiveti imayenera kulembetsedwa ku boma. Ku South Africa, mwachitsanzo, imalembetsedwa ku dipatimenti ya zamaphunziro ya chigawo chimene ili. Pemphani kuona chiphaso, ndipo mukachiona tsimikizaninso ku ofesi imene inachipereka. Kumene kuli mabungwe oyendera sukulu, werengani lipoti lawo laposachedwa: ku England sukulu zapulaiveti zimayenderedwa ndi Ofsted kapena Independent Schools Inspectorate, ndipo malipoti ake aliyense akhoza kuwawerenga pa intaneti. Sukulu ikanena kuti ndi yovomerezedwa ndi mabungwe monga Council of International Schools, Cognia kapena NEASC, kapena kuti ili ndi chilolezo cha Cambridge kapena International Baccalaureate, fufuzani dzina lake pa webusaiti ya bungwelo. Chizindikiro chosindikizidwa pa kabuku kotsatsa si umboni, ndiponso sukulu imene yangopempha kuvomerezedwa ndi yosiyana ndi imene inavomerezedwa kale.

Ngati mungathe, lankhulani ndi makolo awiri kapena atatu amene sukuluyo sinakusankhireni, ndipo mmodzi mwa iwo akhale amene anachotsapo mwana wake. Mawu a munthu mmodzi wokwiya si chiweruzo, koma dandaulo limodzimodzi likachokera kwa anthu atatu osadziwana, limvereni.

Chachisanu ndi chiwiri, pitani mukaone tsiku la maphunziro

Ngakhale nthawi ikhale yochepa chotani, musalipire sukulu imene simunaponde. Pitani tsiku limene ana ali m'makalasi, ndipo pemphani kudutsa m'makonde pa nthawi imene akusintha phunziro kapena akupuma, chifukwa pamenepo m'pamene khalidwe la sukulu limaonekera. Onani mmene akuluakulu amalankhulira ndi ana, ngati amawadziwa mayina, komanso ngati pali mwana amene wakhala yekha pakona popanda womuona. Suzumirani m'zimbudzi za ana. Ngati n'kotheka pemphani kuona makope angapo a kalasi imene mwana wanu alowe, muone tsiku limene mphunzitsi anachonga komaliza ndiponso ngati analemba mawu othandiza mwana kukonza zolakwa zake. Nyumba zokongola ndi mabwalo a masewera zimakopa maso, koma kope lochongedwa mosamala limanena zambiri za ntchito imene mukulipirira.

Funsani amene amayang'anira chitetezo cha ana, ndiponso njira imene mwana amatsata akazunzidwa ndi anzake, pa sukulu pomwepo kapena pa foni. Sukulu imene imayankha kuti kuno kuzunzana kulibe sindiikhulupirira, chifukwa pa msinkhu umenewu nkhani zotere zimachitika paliponse, ndipo chimene chimasiyanitsa sukulu ndi mmene zimachitira zikachitika. Ngati ndi yogonera komweko, onani malo ogona, funsani amene amakhala ndi ana usiku, ndi zimene zimachitika mwana akadwala. Ngati sukulu ili pa tchuthi moti simungaone ana, pemphani kukumana ndi mphunzitsi mmodzi wa kalasiyo, osati wa mu ofesi yekha.

Chachisanu ndi chitatu, mayeso olowera ndi kucheza ndi mwana

Sukulu zambiri zimayesa mwana masamu ndi chilankhulo chophunzitsira, zina ndi mayeso awoawo, zina ndi mayeso odziwika monga SSAT ndi ISEE ku United States kapena Common Entrance ku Britain. Mayeso ena ali ndi malire: ISEE mwana amaloledwa kulemba kamodzi kokha m'nyengo iliyonse mwa nyengo zitatu za chaka. Choncho funsani msanga ngati sukulu ingalole mayeso ake a pomwepo m'malo mwa amenewa, popeza zambiri zimatero kwa olembetsa mochedwa. Musapanikize mwana ndi maphunziro a usiku wonse mlungu wa mayeso. Muonetseni mtundu wa mafunso, agone mokwanira, basi.

Pocheza ndi akuluakulu a sukulu nenani zoona. Makolo ena amabisa kuti mwana anaimitsidwapo sukulu kapena kuti ali ndi vuto la kuwerenga, poopa kutaya malo. Zimenezi zimaululika m'milungu yochepa, ndipo wovutika ndi mwana amene waikidwa m'kalasi yopanda thandizo limene akufunika. Sukulu imene ingamukane chifukwa cha vuto lake ndi yomwenso ikanalephera kumuthandiza akanalowa.

Chachisanu ndi chinayi, ngati akuikani pa mndandanda wa odikira

Funsani ngati mndandandawo umatsata nambala kapena sukulu imasankha mwana aliyense amene yamuona kuti akuyenera malo amene atseguka, ndiponso kuti ndi angati amene anatengedwa kuchokera pa mndandanda wotere chaka chatha. Lembani kalata yaifupi yonena kuti mukufunabe malowo ndipo mwakonzeka kuvomera mwamsanga, kenako muzikumbutsa pakadutsa milungu iwiri iliyonse kapena masiku aja amene malo amatseguka akayandikira. Koma mndandanda si malo. Mwana asakhale pakhomo podikira, ndipo musamuchotse kumene ali musanalandire kalata yomutenga kwina. Nthawi zina chisankho chanzeru n'chakuti amalize chaka kumene ali, kapena pa sukulu ya boma yapafupi, inu n'kulembetsa pa nthawi yake chaka chamawa ku sukulu imene mukuifunadi. Kusamutsa mwana wa msinkhu uwu kawiri m'zaka ziwiri kumamulanda anzake kawiri, ndipo zimenezi ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zina zonse.

Chakhumi, werengani mgwirizano musanalipire

Fizi imene yalembedwa poyera kawirikawiri si ndalama yonse. Pemphani pepala losonyeza zonse zimene kholo la m'kalasi imeneyo linalipira chaka chatha: ndalama yolembetsera, yosungitsira malo, yunifolomu, mabuku, kompyuta ngati imafunika, mayendedwe, maulendo a sukulu, mayeso a kunja, ndiponso thandizo lapadera kwa mwana wotsalira, limene sukulu zina zimalipiritsa padera. Funsani kuti fizi yakwera motani m'zaka zitatu zapitazi, kenako werengerani zaka zonse zimene zatsala, osati teremu yoyamba yokha. Ngati mukuona kuti chaka chachiwiri mudzalephera, ndi bwino kudziwa lero.

Mu mgwirizano yang'anani mfundo zitatu. Yoyamba ndi yakuti ndalama yosungitsira malo imabwezedwa kapena ayi, zomwe n'zofunika kwambiri ngati mukudikiranso yankho la sukulu ina. Yachiwiri ndi nthawi imene muyenera kudziwitsa sukulu musanachotse mwana: ku Britain sukulu zambiri zimafuna chidziwitso cha teremu yathunthu, apo ayi mumalipira fizi ya teremu imene mwana sanaphunzire, ndipo ku United States mapangano ambiri amamanga kholo kulipira chaka chonse tsiku lina lake likadutsa. Yachitatu ndi yakuti mwana wolowa teremu ili mkati amalipira yonse kapena gawo lotsala. Ngati mukufuna thandizo la fizi, funsani ndithu, ngakhale kuti thumba la thandizo limakhala litagawidwa kale kwa amene analembetsa msanga. Sukulu imene ili ndi mpando wopanda munthu nthawi zina imalola kukambirana za kalipiridwe. Chilichonse chimene akulonjezani pakamwa, kaya ndi kuchotsera fizi, kaya ndi maphunziro owonjezera, chilembedwe ndi kusainidwa. Pemphani tsiku limodzi kapena awiri oti muwerenge mgwirizanowo kunyumba. Sukulu yolongosoka sikana pempho lotere.

Pomaliza, konzani kalowedwe ka mwana

Mwana wa zaka 12 si woti n'kungomuuza m'mawa kuti avale yunifolomu yatsopano. Chisankho chomaliza ndi chanu, koma mutengeni pokaona sukulu ziwiri zomaliza, ndipo ngati sukulu imalola kuti mwana akhale m'kalasi tsiku limodzi asanalowe, gwiritsani ntchito mwayi umenewo. Pobwerera musamufunse kuti waikonda kapena ayi, chifukwa adzayankha zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Mufunseni amene anamulankhula, kumene anakhala pa nthawi yopuma, ndi phunziro limene sanalimve.

Mukavomera malo, gwirizanani ndi sukulu zinthu zingapo tsiku loyamba lisanafike. Pakhale mphunzitsi mmodzi amene mungamulembere mwachindunji, pakhale mwana mnzake woti amuonetse malo m'mlungu woyamba, ndiponso pakhale ndondomeko yolembedwa ya mitu imene waphonya m'masamu ndi m'zilankhulo, yosonyeza amene amuthandize ndi nthawi yake. Mulimbikitseni kulowa gulu limodzi la masewera, la nyimbo kapena la zina zimene amakonda, chifukwa mwana wobwera magulu a anzake atapangika kale amapeza bwenzi mosavuta pochita chinthu limodzi ndi ena kusiyana ndi pongokhala m'kalasi. Kenako pemphani tsiku lokumana ndi mphunzitsi wake pakatha milungu isanu ndi umodzi, ndipo tsikulo lilembedwe pa kalendala lero, osadikira lipoti la kumapeto kwa teremu. Popita ku msonkhano umenewo tengani makope a mwana ndi ndondomeko ya mitu ija, kuti mukaone limodzi ndi mphunzitsiyo mitu imene mwana waimaliza ndi imene yatsalabe.